Chaka Chimene Nyenje Sizinalire

Ku boma la Chama, kuseri kwa msika, kunali kanyumba ka malata kumene anthu ankapititsa mawayilesi awo akafa. Mwini wake anali a Meshack Ng'uni, bambo wamtali wowerama pang'ono, amene ankayankhula mokweza ngati aliyense ali tsidya la mtsinje. Anabadwira ku Tembwe. Ali mnyamata anapita ku migodi, ndipo ku Kitwe anaphunzira kukonza mawayilesi m'sitolo ya mmwenye wina. Nthawi imeneyo wayilesi inali ndi mavalavu, timababu tagalasi toyaka mofiira mkati, timene tinkayamba tatentha kaye kuti mawu atuluke.

Kumeneko anakwatira Damaris, mwana wa kwawo komwe, amene ankaimba kwaya ya tchalitchi. Chaka china kwayayo inajambula nyimbo zake pa chimbale. Pachikuto panalibe dzina lake. Panali chithunzi cha gulu lonse, iye ali mzere wakumbuyo, nkhope itabisika mbali imodzi ndi duku la mnzake. Koma m'nyimbo yomaliza, onse akatsitsa mawu, mawu amodzi ankatsala m'mwamba okhaokha, oonda ngati ulusi, n'kuyendayenda pang'ono asanatere. Amenewo anali a Damaris.

Sitolo ija itatsekedwa, anabwerera kumudzi ndi mwana wawo mmodzi, Ennie, ndi galamafoni yakale itakulungidwa m'bulangete pamwamba pa basi. Ku Chama mawayilesi anali ochepa, osakwana kudyetsa banja. Choncho a Ng'uni analowa ntchito pa chigayo. Zaka zambiri ankaima pambali pa injini kuyambira m'mawa, ufa uli mbuu m'tsitsi, ndipo mawayilesi ankawagwira madzulo. Dzinja lililonse malungo ankawagwetsa, iwo n'kumwa kwinini, m'makutu n'kumalira masiku angapo, kenako n'kudzuka kubwerera ku chigayo.

Damaris anamwalira m'chaka cha chilala, 1992, pamene anthu ankadya chimanga chachikasu chobwera pa malole. Mpunga unapsa m'madambo usanabereke. Damaris sanadwale nthawi yaitali. Anamuika ku Tembwe m'nthaka youma gwa, yoti makasu ankachita kudumpha.

Chimbale chija a Ng'uni sanachikhudze mpaka chaka chitatembenuka. Inali nyengo yozizira, udzu utayera, utsi wa lupsa uli m'mapiri. Magetsi a ku boma ankachokera ku injini ya dizilo ndipo ankabwera ndi kupita, koma tsiku limenelo analipo. Anapukuta fumbi, anayatsa galamafoni, anadikira mavalavu afiire, n'kutsitsa singano pa nyimbo yomaliza. Amuna a besi analowa bwinobwino. Amayi anawatsatira. Kenako onse anatsitsa mawu monga kale, ndipo m'mwamba simunatsale kanthu.

Anabweza singano. Anabwezanso. Malo a Damaris anali pululu.

Sanakayike chimbale, chifukwa chinali chosungidwa bwino. Anakayika makina. Mawu amene singano imatola m'mizere ya chimbale ndi ochepa kwambiri, ndipo asanafike ku sipika amadutsa m'kabokosi ka mavalavu awiri kamene kamawakuza. M'kabokosi momwemo muli makondensa ndi marezisita, tizitsulo tating'ono timene timagawa kuti mawu aakulu adutse ochuluka bwanji, ang'onoang'ono ochuluka bwanji. Tizitsulo timeneti timakalamba. A Ng'uni anagwedeza mutu ngati sing'anga amene wapeza nthenda. Mkazi wawo anali m'chimbalemo, kabokosi ndi kamene kankamutsekereza, ndipo iwo ankadziwa kukatsegula.

Zipangizo ankawabweretsera Friday, dalaivala wa lole yonyamula mpunga kupita ku Chipata, munthu wa nthabwala amene lole yake inkamveka nyimbo isanaoneke.

"Mudala, manje dziko lonse lili pa kaseti," anatero Friday tsiku lina akuwapatsa kaphukusi. "Inu mukali kuweta mababu? Ku Chipata ndikafunsa mavalavu amandiyang'ana ngati ndafunsa mazira a njovu."

"Wati chiyani?"

"Ndati mavalavu anu ndi awa. Ndawazula m'wayilesi ya malemu ena ake."

"Kaseti ndi chakudya cha dzuwa," anayankha a Ng'uni. "Mwezi umodzi m'lole mwako, woimba ayamba kulira ngati mbuzi."

"Bola mbuzi imalira. Chanucho chimangotentha nyumba."

Mavalavu atsopanowo anakweza mawu a besi, koma Damaris sanabwere. M'chilimwe anasintha makondensa limodzi limodzi, akuwotcherera ndi mtovu, thukuta likudontha pa thebulo. Lililonse limene achotsa ankaliponya m'chitini cha mkaka. Akasintha kamodzi ankaimbitsa nyimbo ija, n'kutchera khutu, n'kuibwereza.

Mvula itagwa msewu wa ku Lundazi unaduka, Friday osaoneka mpaka madzi ataphwa. Chinyezi chinalowa m'nyumba ndipo galamafoni inayamba kung'ung'udza pansipansi ngati njuchi m'mphako. A Ng'uni anakondwera, poganiza kuti apeza chophimba mawuwo. Anakhoma chitsulo m'dothi lonyowa kuseri kwa nyumba, n'kukokako waya mpaka ku kabokosi. Kung'ung'udza kunatha. Nyimbo inayera ngati madzi a pachitsime. Koma pamalo paja panali pululu pomwe.

Pamenepo anasiya kukonza n'kuyamba kusintha. Anachepetsa njira ya mawu aakulu, anakulitsa njira ya mawu ang'onoang'ono. Ataona kuti sizikuthandiza, anaikulitsanso. Anaganizanso kuti mwina singano ikuyandama, osafika pansi pa mzere pamene pali mawu oonda, ndiye anamangirira kanati ka njinga pamutu pa mkono wa singano kuti ilemere. Chimanga chinacha, anthu anakolola, mphepo yozizira inabweranso, iwo ali pa nyimbo imodzimodziyo.

Ennie anali atakula, akusoka zovala pa khonde la sitolo ina pamsika. Poyamba ankakhala nawo pomvera. Kenako a Ng'uni anaona kuti akangoyatsa mavalavu, mwanayo ankanyamula ndowa kupita ku mjigo ngakhale mitsuko ili yodzaza. Anati ndi chisoni, ndipo sanamufunse. Anaonanso kuti wayamba kuyankhulira m'kamwa, mawu osatuluka, ndipo kangapo anamudzudzula.

"Tsegula pakamwa poyankhula. Amako sankameza mawu chonchi."

"Ndamva, adada," ankatero Ennie, ataima pafupi, mawu atawakulitsa ngati a mwamuna.

Friday ndiye sanabise. Anafika masana ena galamafoni ikuimba, anaima pakhomo, n'kutseka khutu limodzi ndi chala.

"Mudala, mwachitenji? Chikubaya ichi. Chili ngati akunola zikwanje m'mutu mwanga."

"Makutu ako anaphedwa ndi makaseti."

"Mwina. Koma ngakhale galu wanu wathawira kwa aneba."

A Ng'uni anaseka, koma Friday sanaseke nawo. Anayang'ana Ennie, Ennie anayang'ana pansi, ndipo nkhani inathera pompo.

Okutobala wa 1995 anabwera ndi ukali wake wonse. M'chigwa cha Luangwa mwezi umenewu mitengo ya tsanya imakhala mbulanda, mitsinje ing'onoing'ono imasanduka mchenga, mbuzi zimabisala pansi pa nkhokwe. Tsiku lina dizilo anali atatha ku injini ya magetsi, choncho kunalibe chowotcherera. A Ng'uni anakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, Ennie ali pamphasa akusankha mpunga m'lichero. Kunali zii. Anayang'ana kumwamba koyera, anayang'ana mitengo, n'kuusa moyo.

"Chaka chino mvula ivutanso," anatero. "Taona, mwezi wafika pakati nyenje sizinalire. Chaka chatha zinalira pang'ono chabe. Tili ana ku Tembwe, nthawi ngati ino sunkamva mnzako akukuitana."

Manja a Ennie anaima m'lichero.

"Adada."

"Ee?"

Ennie anayang'ana mitengo ya kumpanda. Kenako anaika lichero pansi, anapita pa mtengo wa kumpanda, anaima duu akuyang'ana khungwa, n'kuwomba ndi chikhatho. Anabwera atafumbata. Anagwada patsogolo pa bambo ake, anatenga dzanja lawo, n'kuikamo nyenje, atawapanitsa zala kuti isathawe.

Kachilomboko kankanjenjemera m'zala ngati waya wa magetsi. A Ng'uni ankadziwa kunjenjemera kumeneko kuyambira ali mwana. Nyenje ikagwidwa imalira koposa. Anaikweza pafupi ndi khutu lamanja. Anaisamutsira kumanzere. Ankaona mimba yake ikugunda, ankaimva m'zala mpaka m'chigongono, koma m'khutu munali zii.

"Ikulira?" anafunsa.

"Ikulira, adada."

"Ndi zinzake?"

"Mitengo yonse. Zinayamba mwezi watha. Manje ndikuchita kukuwa kuti ndidzimve ndekha."

A Ng'uni anatambasula zala, nyenje inauluka. Anakhala akuyang'ana chikhatho chopanda kanthu. Anakumbukira phokoso la chigayo, anakumbukira kwinini uja woliza m'makutu. Anakumbukira kuti papita nthawi osamva mpheta m'mawa, ndipo ankati ana a malegeni anazitha.

"Unadziwa liti?"

"Kale."

"Osandiuza bwanji?"

"Mukakhala pa thebulo paja mumadya, mumagona, mumadzuka m'mawa," anatero Ennie. "Ndinkaopa kuti ndikakuuzani mudzangokhala."

Magetsi atabwera patapita masiku, a Ng'uni anakhuthula chitini cha mkaka chija pa thebulo. Anachotsa zonse zimene anaonjezera, n'kubwezera kabokosi monga anakapangira eni ake, kusiya makondensa okhawo amene anali ofadi. Anamasula kanati ka njinga pa singano. Ntchitoyi inawatengera masiku angapo, ndipo sanaimbitse chimbale ngakhale kamodzi poyesa. Atamaliza anaitana Ennie.

"Khala apa. Ukawamva amako, undigwire dzanja."

Mavalavu anafiira. Amuna a besi analowa, amayi anawatsatira. A Ng'uni sankayang'ana galamafoni, ankayang'ana nkhope ya mwana wawo. Kwaya inatsitsa mawu. Ennie anaweramira ku sipika, anakwinya pamphumi, anapendeketsa mutu. Dzanja lake linachedwa. Pamene linafika, linangokhudza pang'ono ndi nsonga za zala, n'kuchoka.

"Alimo?"

"Alimo."

"Nena zonse."

Ennie anawongoka. "Alimo, koma ali kutali. Pali phokoso ngati mvula pa malata, iwo ali kuseri kwake. Kale sankamveka choncho."

A Ng'uni ananyamula singano. Anatulutsa chimbale panja, n'kuchipendeketsa padzuwa. Nyimbo zina zonse zinali zakuda, zonyezimira. Yomaliza inali yotuwa, mkombero wonse mbuu ngati njira ya ng'ombe m'chilimwe. Singano yolemera ija inali itadutsapo kosawerengeka, ndipo mawu oonda ndi amene amayamba kufufutika. Anazindikira kuti nthawi yonse imene ankamufunafuna, Damaris anali pomwepo akuimba, iwo akumupala pang'onopang'ono.

Anapukuta chimbale ndi nsalu yofewa, anachibwezera m'chikuto, n'kuchipereka kwa Ennie ndi manja awiri.

"Zatsalamo ndi zako. Usamachiimbitse kawirikawiri."

"Nanga inu?"

"Ine ndinawamva kokwanira ku Kitwe."

Ennie anachiika pansi pa sutikesi, pakati pa zitenje za amayi ake. Galamafoni anaifunditsa bulangete lomwe lija inabwera nalo pa basi.

A Ng'uni sanangokhala monga Ennie ankaopera, koma sanabwererenso mwakale. Anapitiriza kukonza mawayilesi kuseri kwa msika, ndipo pamapeto pake anayamba kulandira ndi makaseti omwe. Ankagwira ntchito ndi maso ndi zala. Ankaika chala pa sipika kuti adziwe ngati ikuyankhula, kenako n'kufunsa mwini wake ngati mawu ali bwino. Anasiya kukangana ndi Friday. Lole ikafika ankangokweza dzanja, ndipo Friday ankayamba wazimitsa nyimbo zake asanatsike. Anasiyanso kuyankhula mokweza, mwina poopa kuti sakudziwa kukula kwa mawu awo, mpaka anthu pamsika ankachita kuwerama kuti awamve.

Mvula ya chaka chimenecho inabwera bwino. Madambo anadzaza, mpunga unabereka, msewu wa ku Lundazi unadukanso. A Ng'uni anapita ku Tembwe kukalambula manda a Damaris udzu utakula, n'kubwerera tsiku lomwelo.

Zaka zotsatira, tsanya akayoyola masamba ndi dzuwa likayamba kuwawa pamutu, ankatulutsa mpando wawo pansi pa mango paja masana. Ankakhala nthawi yaitali akuyang'ana mitengo ya kumpanda. Ennie akamadutsa ndi ndowa, ankamuimitsa ndi dzanja.

"Zayamba?"

"Zayamba, adada."

Ankagwedeza mutu, n'kupitiriza kuyang'ana mitengo.