Ku Nathenje ndi foni ya mudzi wonse

Ndinachoka pakhomo Lachinayi m'mamawa nditavala jekete la kutchalitchi, foni ili m'thumba la mkati. Mayi akunyumba anandiperekeza mpaka pa mjigo, kenako anati, "Akakutsekerani mutumize mawu, ndisavutike kukuphikirani." Anaseka okha. Ine sindinaseke.

Ndimaweta nkhanga kuno ku Mitundu. Mwana wanga Esinati amaika zithunzi zake m'magulu a pa intaneti, anthu a m'tauni n'kumatumiza ndalama pafoni yanga, ine n'kukweza dengu la nkhanga pa minibasi. Tsono wailesi inalengeza kuti ogulitsa malonda motere azikanena zimene akupeza, ndiponso kuti a msonkho akhala pa msika wa Nathenje sabata imeneyo kuthandiza anthu. Mawu oti msonkho ndinayamba kuwaopa ndili mnyamata, pa chifukwa chimene sindilemba pano.

Koma chimene chinkandisowetsa mtendere ndi china. Foni yangayi si yanga ndekha. Chiphunzirireni kuwerenga kusukulu ya kwacha, imvi zili kale mbuu, anthu a m'mudzi mwathu amalandirira ndalama pa nambala yanga. Ana a ku Joni akafuna kuthandiza amayi awo, ndi ine. Chipepeso cha maliro, ndi ine. Ndinkaopa kuti boma liwerenga zonsezo ngati malonda anga, n'kudula msonkho pa ndalama za amasiye. Ndikanawauza chiyani eni ake? Kwathu munthu akangotchulidwa kuti anadya za maliro, dzinalo amapita nalo kumanda.

Pa siteji ya Mitundu minibasi inandilipiritsa K3,000 mpaka pamphambano ya msewu waukulu. Kondakitala anandiika pampando wakutsogolo.

"Madala, jekete limeneli ndi la ukwati kapena la kukhoti?"

"La kumsonkho," ndinatero.

Minibasi yonse inadzaza phokoso. Bambo wina wonyamula matumba a mtedza anandigwira paphewa. "Achimwene, mbuzi imapita yokha kwa wopha nyama? Fufutani mauthenga onse m'fonimo, mutsike, mukagone."

"Ndikafufuta, agogo NaPhiri a m'mudzi mwathu akadzafunsa kuti mwana wawo anatumiza zingati, ndidzawaonetsa chiyani?"

"Ndiye zanu zimenezo," anatero, n'kuyang'ana pawindo.

Tinadutsa pa Bunda dzuwa litakwera pang'ono, phiri lili kumbali, ana asukulu yaukachenjede akuyenda ndi zikwama kumsana ngati onse akusamuka. Pamphambano ndinatsika n'kugula chimanga chootcha cha K500, chimene mano anga anachigonjera pakati. Minibasi ya ku Dedza inafuna K2,500. Ndinakhala moyandikana ndi mayi wina wogulitsa zitenje, amene anandiuza kuti nayenso amagulitsa pafoni. Nditamufunsa ngati akupita kwa a msonkho, anayankha kuti, "Pitani inu mukaone kaye ngati kuli ng'ona."

Pa Nathenje tinafika chakumasana. Utsi wa kanyenya unali tolo, anyamata oitanira akukokerana katundu wa anthu. A msonkho anali atamanga tenti m'mbali mwa msika, ndipo pamzere panali anthu ochepa kuposa amene anaima patali n'kumaonerera. Ndinaima pamzere.

Amene anandilandira anali mayi wa magalasi, wa msinkhu wa Esinati wanga.

"Takulandirani bambo. Mumagulitsa chiyani?"

"Nkhanga, mayi. Koma musanalembe kanthu, mundimvere. M'foni umu muli ndalama za anthu."

Anandiuza kuti nditsegule mauthenga tiyendere limodzi. Ndinayamba kuwerenga ndekha, pang'onopang'ono, chala chili pagalasi. "Izi ndi za nkhanga ziwiri, anagula bambo a ku Area 25. Izi ndi za agogo NaPhiri, zochokera ku Joni. Izi, izi ndi izi ndi chipepeso cha maliro a aChisale. Izi ndi mazira. Izi ndi za fetereza wa mlamu wanga."

Wina kumbuyo anakuwa, "Madala, mwabwera ndi mudzi wonse m'thumba!" Anthu anaseka, mayi wa msonkho nayenso anavula magalasi n'kuseka.

"Bambo, ife sitidula msonkho pa maliro," anatero. "Ndalama yodutsa m'manja mwanu kupita kwa mwini wake si phindu lanu. Ife tikufuna za nkhanga ndi mazira basi."

Tinapatula za malonda zokhazokha, iye akuwonkhetsa pa makina ake. Anandifunsanso za chakudya cha nkhanga ndi zolipira minibasi. Pomaliza anati zimene ndimapeza sizinafike pamene boma limayambira kudula, koma anandilembetsa, n'kundiuza kuti malonda akadzakula ndidzanene.

"Koma chinthu chimodzi," anatero. "Musamasakanize. Lero mwakumbukira zonse, koma tsiku lina mudzakumana ndi wina wosafuna kumva za agogo NaPhiri. Gulani nambala yachiwiri. Ina ikhale ya malonda, ina ya mudzi."

Ndinawoloka msewu kupita pa kanyumba kogulitsa manambala a foni. Mwini wake, bambo wonenepa wachipewa chofiira, atamva nkhani yanga sanachedwe.

"Zosavuta. Yakaleyo isiyireni malonda, makasitomala anaizolowera. A kumudziwo muwapatse yatsopano."

"Iyayi. Yatsopano ikhale ya nkhanga."

"Madala, muluza makasitomala! Wa m'tauni akaimba kamodzi osamvana nanu, amapita kwina."

Ananena zoona, ndipo ndinaima kaye n'kuganiza. Koma ana a ku Joni aja ena amasintha mafoni, ena amaberedwa, ena amatha chaka osamveka. Chimene amasunga pamtima ndi nambala yakaleyo. Mwana wotero akadzakumbukira kwawo tsiku lina, aipeze ikugwira ntchito yake yomweyo.

"Lembani yatsopano ya nkhanga," ndinatero.

Anapukusa mutu, n'kulemba.

Pobwerera ndinadya kanyenya wa mbuzi ndi tiyi, ndinakwera minibasi ziwiri zomwe zija, ndipo ndinafika pa Mitundu dzuwa likupendeka. Ndinaimbira Esinati kuti asinthe nambala pa zithunzi zonse. Anadandaula kuti ogula ena atisowa, ndipo enadi atisowa, sabata ino nkhanga zatuluka zochepa. Ulendowu wandiphunzitsa kuti boma limafunsa za thukuta la munthu, za misozi ya anzake ayi, bola iwe mwini udziwe kuzisiyanitsa. Ogula nkhanga adzabwera ena. Nambala ya mudzi sindiisintha ndili moyo.