Mayi wa Papepala ku Al Quoz

Ndinanyamuka ku Discovery Gardens, komwe ndimakhala kuno kudziko la Aluya, Lamlungu m'mawa ndili ndi kachiwembu mumtima. Mnzanga Esinati amalera ana atatu a banja lina ku Al Rigga, ndipo kontilakiti yake inali kutha. Abwana ankamunyengerera kuti asainenso zaka ziwiri, pomwe ine ndinkafuna abwerere ku Mchinji, kumene mwana wake Tadala akukulira m'manja mwa azakhali. Pakamwa panali patandiwawa ndi kulangiza, choncho ndinaganiza zokamuonetsa zojambula zakale za ku Ulaya zimene zinkaonetsedwa ku Al Quoz, zomwe ndinamva kuti zadzaza amayi ndi makanda. Ndinkati mtima ukamutsutsa wokha.

Metro, sitima ya mumzinda muno, inandidya madirahamu asanu ndi awiri ndi theka. Esinati anafika mochedwa, akuti Hamudi, chitsirizira cha abwana, anamukakamira siketi. Tinamwa karaki, tiyi wa mkaka uja, ndi chapati cha dzira, kenaka tinakwera takisi. Dalaivala wa ku Pakistan atamva Al Quoz anatifunsa ngati tikukagula matayala, poti kumeneko ndi kumagalaja.

Masana tinalowa m'chipinda chozizira ngati mochale. Pakhoma panali mayi wojambulidwa ndi choko chofiira: mwana wina ali kubere, wina akukwera paphewa, wachitatu akukoka nsalu. Ndinaseka kuti chitenje chimodzi chikanamupepuza. Mtsikana wa ku Philippines wolondera zithunzizo anatifotokozera kuti ameneyo si mayi weniweni, koma chifundo chovekedwa thupi la munthu. Anati anawo mwina si akenso, ukoma wake ndi woti amayamwitsa aliyense wanjala.

Apa ndi pomwe zinandithawira. Esinati anaima nthawi yaitali, maso ali dwii pachithunzicho.

"Wokwera paphewayu ndi Hamudi weniweni," anatero. "Ndikachoka adzadya m'manja mwa ndani?"

"Nanga wanu uja, amake Tadala?"

"Ali ndi azakhali ake. Zaka ziwiri si kanthu, inshallah."

Titachoka kumeneko ndinamuperekeza. Anatsikira ku Al Rigga mothamanga kuti akasambitse ana, ine n'kubwerera ndekha, mtima ukuwawa. Ndinaphunzira mochedwa kuti chithunzi sichitumidwa, aliyense amaonamo mwana amene wamunyamula m'mawa womwewo.

Esinati anasaina Lachitatu. Ku Mchinji anali atamuuza kale Tadala kuti amake akubwera pa Khirisimasi, ndipo amene anawatsimikizira zimenezo pafoni ndine.