Waya Wodulira Sopo

Dzina loti Waya analipeza atakula kale, ali ndi ana atatu, ndipo mpaka tsiku lomwe anatsikira kuli chete sanalikonde. Sukulu anailekeza panjira, za m'mabuku sizinkalowa. Koma chinthu chikavuta ankakhala pansi n'kuchiyang'ana, kukamwa kuli yasa, mpaka chitawaululira chokha pomwe chikudwala. Chitseko chokhwekhwereza pansi, mpopi wodontha, wilibala yopendama, zonse zinkathera kwa iwo. Akazi awo ankati, "Mukanamandiyang'ana mmene mumayang'anira loko wakufa, bwenzi nditanenepa ine."

Pafakitale ya sopo analowa ngati wosesa, kenako anakhala wokonza zowonongeka. Ndi iwo amene anachonderera kapitawo kuti alembe ntchito mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, munthu wanthabwala wa ana asanu. Mlamuyo anamuika kuchipinda chodulira.

M'chipindamo sopo ankatuluka m'chikombole ali chibuma chachikulu ngati sutikesi. Amuna anayi ankachilemba mizere n'kumachidula ndi mipeni italiitali, mtanda umodziumodzi. Pofika masana, mikono italema, mitanda inkatuluka yokhota, wina wonenepa wina wowonda, ndipo eni masitolo ankaibweza. Bwana ankakalipira kapitawo, kapitawo n'kutsanulira odula. Mankhwala a m'sopomo ankawasupula zala.

Tsiku lina pa nthawi yopuma mlamuyo anawatambasulira zikhatho.

"Alamu, taonani manja awa. Mkazi wanga akuti ndikamugwira amakhala ngati akupalidwa ndi sandipepa. Mumakonza maloko a anthu achilendo, ife abale anu tikutha zala. Nzeru zanuzo n'zokopera akazi basi?"

Anaseka onse, koma mawuwo anawalowa a Waya. Masiku atatu anaima pakhomo la chipindacho akungopenya. Anaona kuti vuto silinali manja a anthu ayi, linali mpeni. Sopo ankamatirira pachitsulocho, munthu n'kukankha mwamphamvu, mpeni n'kupatuka. Pankafunika chodulira chopanda thupi loti sopo agwirepo. Anayesa ulusi wosokera nsapato, unaduka. Anayesa waya wa mpanda, anang'amba sopoyo m'mphepete. Kenako akutsika chitunda pa njinga, atagwira buleki, anayang'ana chingwe cha bulekiyo n'kuima pakati pa msewu. Anachimasula tingwe take tating'onoting'ono, anakhoma matabwa anayi ngati felemu ya zenera, n'kukunga tingweto motalikirana zala zitatu.

Lolemba m'mawa anaika felemuyo pamwamba pa chibuma n'kuitsindikiza. Inatsika myaa, mitanda khumi ndi iwiri n'kugona pathebulo yofanana ngati mapasa. Mlamuyo anataya mpeni n'kuyamba kuvina.

"Mlamu wangatu ameneyu! Ndinam'patsa mlongo wanga ndikudziwa!"

Bwana anatsika kuchokera ku ofesi, anawagwira chanza, nati kuyambira lero ndinu a Waya. Anawauza kuti abwereze kawiri, katatu. A Waya anasangalala mpaka khutu. Sanaone kuti maso a bwanayo sanali pa sopo, ankayenda pa amuna anayi aja mmodzimmodzi.

Lachisanu atatu, mlamuyo ali m'gulumo, analandira makalata owachotsa ntchito. Anatsala mmodzi, mphwake wa kapitawo. A Waya anathamangira ku ofesi, chipewa chili m'manja.

"Bwana, ine ndimafuna kuti anthuwa manja asamawapweteke."

"Ndiye sakuwapwetekanso," anatero bwanayo. "Inu mwathandiza fakitale. Za anthu tisiyireni ife." Anawapatsa ovolosi yatsopano.

A Waya anam'peza mlamuyo pageti atakolekera nsapato zantchito m'khosi.

"Mwakonzadi, alamu. Manja anga apuma."

Sanaseke, ndipo sanapondenso pakhomo pawo. Akazi awo a Waya anatha mwezi akungoika chakudya pathebulo n'kutuluka. Mlamuyo anazungulira mageti onse osapeza kanthu, anakathera kophwanya miyala m'mbali mwa msewu. Fumbi linam'lowa m'chifuwa, ndipo patapita zaka zinayi anam'nyamula. Pamaliro a Waya anakhala kumbuyo. Ndi iwo anakhoma bokosi, ndipo anthu anayamikira mmene makona ake anakhalira bwino.

Anapitanso kwa kapitawo, ulendo uno atagwada, mpaka mkazi wamasiye wa mlamu uja analembedwa kokulunga sopo m'mapepala, pamodzi ndi amayi ena asanu. Ana asanu aja ankadya ndi kuphunzira ndi ntchito imeneyo. Mayiyo ankawapatsa moni a Waya, moni wouma wa munthu wodutsana naye pamlatho.

Zaka zinapita, imvi zinamera, fakitale inatsala m'manja mwa mwana wa bwana uja. Tsiku lina anawaitanitsa.

"Madala, bambo anga ankati inu palibe chokukanikani. Amayi okulungawa akutichedwetsera katundu. Tapitani mukaone chomwe tingachite."

Anapita akukoka miyendo. Ankafuna kuti asaone kanthu, koma maso awo sankadziwa kumvera. Amayiwo ankatembenuza mtanda uliwonse kanayi kuti pepala lipindike. Nthawi yongomwera kapu ya madzi, chinthucho chinali chitaima kale m'mutu mwawo: kangalande ka thabwa kokhala ndi timilomo m'mbali, koti ukakankhiramo mtanda pepala lizipindika lokha. Amayi awiri akanakwana.

Mkazi wamasiye uja anadzutsa mutu, zala zikupindabe pepala.

"Mwabwera kudzatikonza nafenso, alamu?"

Amayi enawo anasiya kucheza. A Waya anabwerera ku ofesi.

"Ndayang'ana, bwana. Sindikuona njira."

"Tayang'ananinso. Ndikupatsani sabata."

Sabata inatha, yankho linali lomwelo. Bwanayo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Mutu wauma eti? Nanga tikukusungirani chiyani pano?"

Mwezi usanathe anawapumitsa ntchito. Anyamata a pageti, omwe kale ankawavulira zipewa, anayamba kunong'onezana kuti waya wachita dzimbiri. A Waya anamva, anakwera njinga yawo.

Loweruka lotsatira anakhala pakhonde, manja akuwanyerenyetsa. Anatola timatabwa ta bokosi lakale, misomali, ndi chitini chodula. Dzuwa lisanapendeke kangalande kaja kanali katatha. Anatenga sopo wochapira wa akazi awo, anam'goneka pa chidutswa cha nyuzipepala n'kukankha ndi chala chimodzi. Anatulukira mbali inayo atavala bwinobwino, makona onse ali pindepinde.

Akazi awo anali ataima pakhomo ndi beseni.

"Chikugwira?"

"Chikugwira."

"Ndiye mupita nacho?"

A Waya anatenganso sopo uja. Anakankhanso kachiwiri, kuti angoona. Kenako anatenga hamala, anazula misomali yonse n'kuiwongola umodziumodzi, pakuti msomali sankataya. Timatabwato anawapatsa akazi awo kuti akakolezere mbaula. Akaziwo anatilandira ndi manja awiri, anawayang'ana nthawi yaitali, nati, "Sopo wangayo mundibwezere, ndikufuna kuchapa."

Mkazi wamasiye uja anakulunga sopo zaka zina zisanu ndi zinayi, mpaka mwana wake wotsiriza atamaliza sukulu. Za kangalande sanamve. A Waya atamwalira anabwera kumaliro, anakhala ndi amayi anzake, ndipo wina atayamba kutama nzeru za malemuwo iye anangoti, "Zinatha kalekale zimenezo. Kumapetoku ngakhale pepala linawakanika."