Ndinawafunira Zabwino Amdala a Banjo

Anabwera Lachiwiri lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, ine ndili m'kashopu kanga kokonzeramo mafoni pamsika wa ku Boma. Anali apolisi awiri, wina wa yunifolomu, wina wa malaya wamba. Wa malaya wambayo anafunsa ngati ndine mwini peji ya pa intaneti yolemba za oimba ndi ochita masewero a kwathu kuno. Nditavomera, anati nditseke shopu, kuli timafunso tochepa. Foni yanga anaitenga ndisanakiye chitseko.

Pejiyo ndinaiyamba chifukwa zinkandiwawa kuona oimba athu akutamandidwa pamaliro pokha. Tsiku lobadwa la mmodzi wa iwo likafika, ndinkaika chithunzi chake ndi mawu omuthokoza. Sabata yapitayo ndinali nditalemba za amdala ena a ku Mburuma, oimba banjo yosema okha, amene makolo athu anavinira nyimbo zawo pamaukwati. Tsiku lawo lobadwa analiona pachitupa chawo ndi mwana wawo wamkazi, eniake sankalilabadira. Ndinakwera thiraki ya makala kukawaona. Anali atasiya kuimba kalekale, akuweta mbuzi. Ndinawachonderera mpaka anatsitsa banjo kudenga, naimba nyimbo yawo yakale ya ng'ona imene imalanda msodzi wosauka. Ndinawajambula. Pansi pa vidiyoyo ndinalemba kuti amdalawa sanaopepo kudzudzula odya thukuta la amphawi. Ndinaikanso dzina la mudzi wawo ndi njira yake, kuti ofuna kuwapatsa mphatso asasochere.

Inali nyengo ya kampeni. Anthu anayamba kulemba pansi pake dzina la mkulu wina wa ndale, akuti ng'onayo ndi iyeyo.

M'chipinda cha mafunso munali tebulo ndi mpando umodzi. Ine anandikhazika pansi.

"Ng'ona ndi ndani?" anatero wa malaya wamba uja.

Ndinayankha kuti nyimboyo ndi yaikulu kuposa ine. Anafunsanso, ndinayankha chimodzimodzi. Zimene zinatsatira sizinatenge nthawi. Khutu langa lamanzere silimva bwino mpaka lero.

Kenako anafuna kudziwa kumene amdalawo amakhala. Ndinatseka pakamwa, ndikudziona ngati mwamuna. Iye anaseka, natsegula foni yanga, nayamba kuwerenga mokweza mawu anga omwe: kupitirira tchalitchi, kukhotera pamlambe, nyumba yoyang'anana ndi mjigo.

"Watithandiza kale, iwe," anatero.

Muselo munali kutentha kwa chigwa chathu, koma kopanda mphepo. Tinali othinana, ambiri asodzi ogwidwa ndi maukonde oletsedwa, ndi munthu wina wa ku Zumbo, kutsidya kwa malire, amene anawoloka wopanda mapepala. Pakona panali ndowa. Za ndowayo sindinena zambiri.

Amdala anawabweretsa Lachinayi masana, fumbi thupi lonse, dzanja limodzi litagwira buluku chifukwa lamba anawalanda pakhomo. Ndinawasiyira malo anga pafupi ndi chitseko, pamene kamphepo kankalowera pansi. Kuwayang'ana kumaso kunandikanika. Iwo anandipatsa moni ngati takumana panjira, nafunsa za mkazi wanga ndi ana. Nditayamba kupepesa, anandigwira bondo.

"Anaimba ndine, mwananga. Iwe unangogwira foni."

Kukanakhala bwino akanandilalatira.

M'mawa mwake anawatenga kukawafunsa. Anabwerako akuyenda pang'onopang'ono. Pambuyo pake anandiuza kuti nawonso anawafunsa kuti ng'ona ndi ndani, ndipo anawauza zoona, koma apolisiwo sanakhulupirire. Ali mnyamata, ankawedza ndi mkulu wawo pamene Luangwa imakumana ndi Zambezi. Ukonde unakola, mkuluyo anaweramira m'madzi kuti aumasule, ng'ona inamukoka. Iwo anatsala m'bwato ndi nkhafi m'manja. Mtembo sunapezeke. Nyimboyo anaipeka chifukwa panalibe manda oti akalirepo.

"Ng'ona inali ng'ona basi," anatero.

Tsiku lonse lija ndinakhala pakhomo pawo, ndikudya masau awo, sindinawafunse tanthauzo la nyimboyo. Ndinaipatsa tanthauzo langa, limene ndinkadziwa kuti likopa anthu ambiri papeji. Maliro a m'bale wawo ndinawasandutsa ndale, ndipo mlandu umene unawagonetsa pasimenti unali m'mawu anga, osati m'nyimbo yawo.

Ndinapempha kuonana ndi wa malaya wamba uja, ndinamuuza kuti mawuwo ndinalemba ndekha, amdala sadziwa ndi kuwerenga komwe. Anati zimenezo ndikanene kukhoti.

Sabata yotsatira anati tikhoza kutuluka pa bondi, aliyense akapeza anthu awiri ogwira ntchito m'boma omuimira. Mlamu wanga ndi mphunzitsi, ndipo anabwera ndi mnzake wa kukiliniki. Amdala abale awo onse ndi alimi. Ndinachonderera mlamu kuti awaimirenso, koma anati kusainira ine kokha waika kale ntchito yake pamoto. Sindimuimba mlandu. Atatchula dzina langa pachitseko, ndinaimirira msanga kuposa mmene ndimafunira kukumbukira. Amdala, amene apa n'kuti atayamba kutsokomola, anangondituma kukauza mwana wawo kuti asamatsekulire mbuzi m'mamawa kwambiri.

Ndinkawapititsira chakudya ndi madzi tsiku ndi tsiku. Oimira sindinawapeze, aliyense amene ndinamufikira anali ndi chifukwa chake. Amdala anatuluka mvula yoyamba itagwa, chisankho chitapita, mlandu utangozilala wosafika kukhoti. Banjo yawo, imene inatengedwa ngati umboni, anati sikuoneka. Ndinawaperekeza pokwerera thiraki. Anali ataonda, mawu akutuluka mosasa. Ndinawauza kuti ndifunafuna munthu awasemere banjo ina. Anati ndisavutike, chifuwa sichingalole.

Anthu amandiuza kuti ndithokoze Mulungu kuti ndine mfulu, ndipo ndimathokoza. Ndimatsegula shopu, ndimapita kumtsinje kukagula nsomba, palibe amandiletsa. Koma ufuluwo ndinaulandira ndekha pachitseko chija, munthu wokalamba kuposa atate anga akundisunthira miyendo kuti ndidutse.