Tsiku Limene Anandimenya pa Maliro ku Ipusukilo

Mukaona mmene dzanja langa lamanjali linakhotera, musaganize kuti ndinabadwa nalo chonchi, ayi. Zimene ndikuuzenizi si nkhani zocheza pamsika, zinandichitikira ineyo mayi wa ku Chimwemwe kuno ku Kitwe, ndipo Mulungu ndi mboni.

Ine ndili ndi matenda a khunyu kuyambira ndili mtsikana, koma mankhwala ndimamwa mosadumphitsa, moti panali patapita zaka zambiri osagwa, ndipo anzanga ogulitsa nawo salaula, zovala zakaunjika zija, sankadziwa n'komwe. M'mawa wina ndinakwera minibasi kupita m'tauni kukaoda zovala, n'kukhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala, poti thupi ndili nalo ndipo kumbuyo ndimapanikizika. Tili pa liwiro tayala lakutsogolo linaphulika, galimoto n'kuyamba kugubuduzika. Ndinangomva zitsulo zikulira, magalasi kumaso, anthu akundigwera pamsana, dzanja langa n'kuthyoka ngati nkhuni youma. Bambo wina wa ku Ipusukilo, wogwira ntchito kumgodi, anafera pomwepo mutu utaphwanyika.

Kuchipatala ankandidwazika ndi azakhali anga. Mawa lake kunabwera bambo wovala bwino atanyamula buledi ndi zakumwa, akuti abwera kudzazonda ovulala. Paja mwambo wathu mukuudziwa, munthu akabwera kudzaona wodwala, wodwazika amamufotokozera matenda onse kuyambira pachiyambi. Ndiye azakhali, pakamwa pawo posatsekapo, anayala zonse, za dzanja, za magalasi, mpaka kufika poti mwanayu ndi watsoka, kuyambira kale amagwa khunyu. Ine kuwatsinzinira, iwo osaona. Nanga tikanadziwa bwanji kuti mlendoyo ndi mwini minibasi, ndipo akufunafuna wom'senzetsa mlandu wa tayala lake lakutha?

Atanditulutsa ndinati maliro sathawa, munthu tinali naye m'galimoto imodzi, ndipite ndikapepese. Ndinapita dzanja lili m'chikhakha, nditalikoleka pakhosi, osadziwa kuti mphekesera yafika kale, yoti ine ndinagwa khunyu pampando wakutsogolo n'kugwira chiwongolero.

Nditangogwada kuti ndipereke moni kwa amayi a m'nyumba, mlongo wa malemu anaimirira n'kundiloza, akukuwa mu Chibemba kuti wopha munthu uja ndi uyu. Nyimbo zinaleka. Anandikoka tsitsi mpaka panja, wina mbama, wina chibakera pakamwa, dzino n'kuguluka. Ndinagwa, amuna n'kuyamba kundiponda m'nthiti ndi nsapato za kumgodi zija, ndipo wina anasolola chikuni pamoto wa pamaliro n'kumenya pachikhakha penipenipo. Ndinamva fupa likuthyokanso pamalo ena. Ndinalira mayi wanga amene anagona kale ku Chipata, ndinachonderera mu Chinyanja ndi mu Chibemba momwe, koma ndani akanamva? Nditamva wina akuitanitsa tayala ndi mafuta, ndinadziwa kuti ana anga atsala okha.

Pamenepo m'pamene matenda anga anabwera, zoona tsopano. Ndinamva fungo limene limandichenjeza ndikatsala pang'ono kugwa, kenako mdima. Zotsatira anandiuza ndi mayi wina wachikulire amene anandifunditsa chitenje: akuti nditayamba kuphupha, thovu likutuluka kukamwa, anthu onse aja anabalalika, akuchenjezana kuti thovulo likakukhudza nawenso uyamba kugwa. Taganizani! Magazi anga anali m'manja mwawo osaopa, koma malovu ndiwo anawathamangitsa. Bodza limenelo, lomwe landisalitsa moyo wanga wonse, ndi limene linandipulumutsa ku moto.

Za chipepeso nazo zinali nkhondo ina. A inshuwalansi anayamba ndi nyimbo yomweyo, akuti mwina matenda anga akale ndiwo anachititsa zonse. Mwayi wake dokotala wondipatsa mankhwala ankadziwa mbiri yanga yonse, poti kwa iye sindinabisepo kanthu, ndipo apolisi anapeza kuti tayala linali lakutha mpaka mawaya kuonekera. Anandilipira kuthyoka koyamba. Kwachiwiri, kumene kunakhotetsa dzanjali, anandiyankha mwaulemu ndithu:

"Pepani mayi, kumeneko si ngozi ya pamsewu."

Mtima umandiwawabe, sindinama. Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti matenda ako akale uuze dokotala onse osabisa, ndiye adzakuimire pa mlandu, koma si aliyense wonyamula buledi amene wabwera kudzakuzonda. Inu odwazika anzanu, yambani mwafunsa mlendo kuti ndi ndani musanamuyalire matenda a mwini wake. Apolisi anandiyeretsa, inde, koma mpaka lero ndikafika pa siteshoni ya ku Chimwemwe ndi mtolo wanga, kondakitala amatseka chitseko chakutsogolo n'kundilozera mpando wakumbuyo kwenikweni.