Chigubu cha Ankhazi

Lachisanu, sabata yomaliza ya holide ya Epulo

Ndadzuka mapewa akuwawa, mtima uli m'mwamba, chifukwa Ankhazi sanandiyankhe moni.

Ntchito yanga yoyambayi anandipezera ndi iwowo. Ankhazi ndi mlongo wa bambo anga, ndipo amagwira ganyu m'nkhalango ya boma kumtunda kwa Mlare. Ataona kuti kapitawo, Bambo Kamwendo a ku Ntcheu, sakumvana ndi anthu olankhula Chitumbuka, anawauza kuti, "Ndili ndi mwana wa Fomu 3, Chichewa chake ngati cha pa wailesi." Bambo Kamwendo anangoona khadi langa la chipani, n'kundipatsa ndowa.

Tikukonza njira zotchinga moto. Udzu ukadali wauwisi, amuna amapopera mankhwala mizere iwiri m'mbali mwa njirayo. Udzu wa m'mizeremo umauma msanga ndipo amautentha, kuti m'chilimwe akamadzayatsa wa pakati moto usalumphire kumitengo. Ine ndimatunga madzi, kuwasefa ndi nsalu kuti pampu ya kumsana isatsekeke, ndi kumasulira zimene kapitawo wanena. Oyeza mankhwala ndi Bambo Kamwendo okha. Fungo lake limakhala pakhosi mpaka madzulo, ndipo mmodzi mwa opopera zikhadabo zake zayamba kuda.

Dzulo chigubu cha mankhwala chinatha. Amayi onse anachizungulira, poti kwathu kuno chigubu cha chivindikiro cholimba ndi chuma. Bambo Kamwendo anachipereka kwa Ankhazi. "Tengani mayi, koma chambiko chikapsa musandiiwale." Onse anaseka. Ankhazi ali ndi ng'ombe za mkaka, ndipo chipanda chawo chosasitsira mkaka chinasweka kalekale.

Pochinyamula ndinawerenga zolembedwa pambali pake. Pali chigaza ndi mafupa, ndipo Chingelezi chake chikuti chigubucho chisasungire chakudya ngakhale mutachitsuka, chiboolede ndi kukwiriridwa. Ndinawauza Bambo Kamwendo motsitsa mawu.

"Ukufuna ndiwalande mphatso pamaso pa anthu?" anatero. "Womasulira ndiwe, kawauze wekha."

Ndinawauza Ankhazi panjira. Sanaime n'komwe.

"Yayi, mwana wane. Chitini cha palafini chija tinatsuka, wafa ndani? Kusukulu akukuphunzitsani kuopa chigubu?"

Kunyumba anachitsuka ndi phulusa ndi mchenga, n'kuchiyanika pa thandala. Atapita kukhola kukakama ndinachinunkhiza. Fungo lija linalimo. Pansi pa thandalalo pankasewera Tiyezge, mwana wawo amene wangosiya kuyamwa, yemwe amayamba ndiye kumwa chambiko chilichonse pakhomopo. Ndinaganiza za bambo anga, amene amati mwana satsutsa ankhazi ake. Kenako ndinazula msomali pa chitseko cha nkhokwe, ndinatola mwala, n'kuboola pansi pa chigubucho.

Sindinathawe. Atabwera ndi mkaka ndinagwada n'kuwauza. Iwo anatunga madzi m'chikho n'kuthira m'chigubumo, madziwo n'kumawadonthera kumapazi.

"Ine ndinakupezera ntchito," anatero, "iwe wandipezera sefa."

Kuyambira pamenepo sanandilankhulenso.

Lero nkhani inafika kunkhalango ine ndisanafike. Amayi ogwira nawo ntchito andipatsa dzina lachipongwe, akuti ndine NyaMsomali. Ndimaopa kuti Bambo Kamwendo andichotsa ntchito chifukwa chowononga mphatso yawo. Anaseka kwambiri, kenako anayang'ana pampu.

"Chambiko chimenecho ndikanadya nawo," anatero.

Masana chigubu china chitatha anandiitana, n'kundipatsa chikwanje kuti ndichitemeteme. Tinachikwirira kutali ndi mtsinje. Amayi aja ankayang'ana ngati tikukwirira mbuzi yonenepa, ndipo mmodzi anati, "Boma likutaya, ife tikusowa." Ankanena zoona. Ankhazi ankangolambula udzu chakumbali, osatembenuka.

Ndaona kuti kumasulira mawu n'kosavuta. Chovuta n'kumuuza munthu kuti ataye chinthu, iwe m'manja mulibe choti umupatse. Mkaka wa Ankhazi ukadali m'poto wophikira ndiwo, ndipo woboola chigubu ndine.

Pansi pa bedi langa pali ndowa yanga ya kusukulu, ya chivindikiro, imene amayi anga anandilembera dzina ndi penti. Sinalowemo china koma madzi. Kusukulu ndidzabwereka ya anzanga posamba, andiseke ngati akufuna. Mawa m'mamawa, Ankhazi asanalowe m'khola, ndikaitsuka n'kukaiika pakhomo pawo. Akapanda kundiyankha moni, ndikaisiyabe.