Mlatho Umene Anandisiyira a Bonaventure

Ndinali kusita mayunifomu a ana Loweruka masana pamene Edna, mnzanga wa m'limana, bungwe lathu la Amalawi okhala kuno, analowa osagogoda. "Amake Fatsani, zimitsani ayironi. Agogo Bonaventure atisiya."

Ansembe andipempha kuti ndilembe za moyo wawo m'kanyuzi ka parishi. Ine si wolemba, nthawinso ndilibe, choncho ndinena zimene ndikudziwa basi.

A Bonaventure Kamtedza anabadwira ku Dedza. Ali mwana ankayenda mtunda wautali kupita ku Misa, amayi awo akutsogolera kolona m'njira, iwo akuyankha pambuyo. Atakula anabwera kuno ku Joni pa Wenela. Mumgodi mwala unawaphwanya zala, moti mikanda ya kolona inkangowapulumuka m'manja. Kumudzi sanabwererenso. Akazi awo atamwalira anawaika konkuno, ndipo mphatso ya mwana Mulungu sanawapatse.

"Zala wanditengera, koma miyendo wandisiyira," ankatero. Ndiye msewu unasanduka kolona wawo. Kuchokera ku Katlehong kumene tikukhala mpaka ku Wadeville, kumene ankalondera masana pa nyumba ina yosungira katundu, ankayenda wapansi, ndipo malo alionse m'njiramo anali ndi eni ake. Pamaloboti ankapempherera odwala. Parenki ya matakisi, ngakhale zaka zija mfuti zinkalira, ankapempherera madalaivala. Pashibini ankapempherera akazi a zidakwa, ndipo ine ndinali m'gululo. Kuntchito nako, akamazungulira mpanda, milomo inkangogwedera.

Mu 1994 anaitanitsa Newton, mwana wa mlongo wawo. Anamusiyira bedi, iwo n'kumagona pansi. Anamupatsanso mlatho wa njanji, pamene ankapumira: akafika pamenepo ankavula chipewa n'kupempha kuti Newton apeze ntchito.

Newton anaipezadi. Anapita kwa bwana wa amalume ake n'kukanena kuti madalawo mutu sukuyenda, amalankhula okha tsiku lonse, katundu adzabedwa iwo akucheza ndi mizimu. Bwanayo anasuzumira pawindo, naona milomo ikugwederadi. Sabata yomweyo yunifomu anavala ndi Newton, ndipo anasamukira ku Springs osatsanzika.

Ife a m'limana tinkadziwa zonse. Tinachitapo chiyani? Palibe. Newton anayamba kupezera abale athu maganyu, pakamwa pathu n'kutsekeka. Ena mpaka ankati, "Komanso agogowo amaonjeza, kupemphera n'kutchalitchi." Izi ndalemba dala, ndipo a Wallace, apampando athu, musazifufute.

A Bonaventure anayamba kusamalira maluwa m'mayadi a anthu, koma njira yawo sanaisinthe. M'mawa wina ndinawapeza pamlatho paja, chipewa chili m'manja.

"Agogo, mukupemphererabe njoka ija?"

"Amake Fatsani, mlathowu ndinamupatsa. Ndimulande?"

"Iye anakulandani ntchito."

"Ndiye tikhale akuba awiri?"

Ndinapitiriza ulendo, chifukwa zimene ndikanayankha si zolemba muno.

Miyendo itayamba kutupa, ankazungulira kayadi ka pamene ankakhala, atagwira khoma. Mpope wa madzi unasanduka maloboti, chingwe choyanikira zovala chinasanduka mlatho. Sanadandaule, ndipo Newton sanabwere kudzawazonda.

Lachinayi lomaliza ndinawapititsira phala. Ndinawapeza akugawa njira yawo ngati munthu wogawa munda: maloboti kwa Edna, renki kwa a Wallace.

"Inu mumadutsa pamlatho popita kuntchito kwanu ku Alberton," anandiuza. "Mlatho ndi wanu."

"Mundipatse shibini, agogo. Kumeneko ndiye ndikukudziwa bwino."

Anangoseka. Lachisanu analandira masakramenti. Loweruka anamwalira mwakachetechete atakhala pampando, akuothera dzuwa, nsapato zili kuphazi.

Pamaliro Newton anabwera atavala suti, nalankhula m'malo mwa banja kuti amalume ake ndi amene anamuphunzitsa kupemphera. Anthu anati amen. Ine ndinatuluka panja.

Chitsanzo chimene atisiyira n'chosavuta kumva, kusenza kwake ndiye nkhani. Pamlatho ndadutsa sabata yonseyi. Ndimaima, ndimayamba Tikuoneni Maria, koma ndikafika pa dzina lija ndimalilumpha. Dzulo ndinangoti, "Ambuye, uja mukumudziwa." Kaya zikwanira, a Bonaventure adzandiuza tikadzakumana. Mzimu wawo uuse mumtendere.

Lero ndi Lowerukanso, mayunifomu adzazanso m'basiketi. Ayironi yatentha, ndangosita kolala ya malaya a Fatsani. Lolemba mlatho ukundidikira.